Tiphunzire Chingerezi: Chiganizo ndi Nthambi Zake

Amayi, musanapite patali ndi phunziro lino, lowani kaye m'nyumba mukatenge botolo la mankhwala a chifuwa, kapepala ka m'bokosi la mapiritsi, kapena paketi ya mankhwala othira m'chimanga. Taonani zimene zalembedwapo. Zambiri zili m'Chingerezi. N'chimodzimodzinso kalata yochokera ku sukulu ya sekondale, fomu ya ngongole, ndi uthenga wa pa foni wokuuzani kuti ndalama zalowa. Ambiri mwa ife mawu monga child, money, doctor ndi medicine timawadziwa bwino. Mutu umaima pamene mawuwo alumikizidwa n'kupanga chiganizo chachitali. Timangotolapo mawu awiri kapena atatu amene tawazindikira, kwinako n'kumangoganizira.

Kungoganizira kumapweteketsa. Taonani ziganizo ziwiri izi:

Come back on Monday if the child is better.

Come back on Monday unless the child is better.

Zasiyana liwu limodzi lokha. Choyamba chikuti mubwerenso Lolemba ngati mwana wapeza bwino. Chachiwiri chikuti mubwerenso Lolemba ngati mwana sanapeze bwino. Mayi amene wangotolapo Monday, child ndi better angathe kukhala pakhomo ndi mwana wodwala, pamene kapepala kakumuuza kuti abwerere kuchipatala. Phunziro lino ndi la timawu totere, ndiponso la mmene chiganizo cha Chingerezi chimamangidwira.

Chifukwa chake tikuphunzira izi

Mu 1968 Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lathu, koma Chingerezi chinapitirira kukhala chiyankhulo cha m'maofesi, cha malamulo ndi cha maphunziro apamwamba. Mpaka lero makalata ambiri opita ku khonsolo ya Lilongwe kapena ku mabungwe othandiza pa chitukuko amalembedwa m'Chingerezi. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana ambiri a kuno kwa Chitukula, ku Nsaru, ku Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma akhala akupita ku sukulu, ndipo onsewo amakumana ndi phiri lomweli. Akafika sitandade 5, mabuku a masamu, sayansi ndi maphunziro ena amakhala m'Chingerezi. Mayeso a PSLCE a sitandade 8, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, ali ndi pepala la Chingerezi. Pa mayeso a MSCE a fomu 4, mwana akalephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse, ndipo mayunivesite a boma amafuna kirediti ya Chingerezi.

Choncho phunziroli likuthandizani pawiri. Muzitha kudziwerengera nokha zolembedwa zokhudza thanzi ndi ndalama zanu, komanso muzitha kuyang'ana m'kope la mwana wanu n'kuona pamene akupunthwa. Musaope mawu a galamala. Ambiri mwa iwo munawamva kale m'phunziro la Chichewa: dzina, mneni, mfotokozi, muonjezi, mlumikizi.

Mizati iwiri ya chiganizo

Chiganizo ndi gulu la mawu lopereka ganizo lathunthu. Pa Chingerezi amati sentence. Chimaima pa mizati iwiri. Woyamba ndi mwininkhani, amene ndi munthu kapena chinthu chimene tikukamba, ndipo pa Chingerezi ndi subject. Wachiwiri ndi mneni, liwu lonena zimene mwininkhaniyo akuchita kapena mmene alili, ndipo pa Chingerezi ndi verb.

The baby cried. Mwininkhani ndi the baby, mneni ndi cried.

The women bought fertilizer. Mwininkhani ndi the women, mneni ndi bought, ndipo fertilizer ndi chinthu chimene ntchito yagwerapo.

Pano pali kusiyana kwakukulu ndi Chichewa. Ife tikati "ndabwera", tanena chiganizo chathunthu ndi liwu limodzi, chifukwa nda- akutiuza kale kuti wabwerayo ndi ine. Tikati "adzatithandiza", m'liwu limodzilo muli wothandiza, nthawi, othandizidwa ndi ntchito yomwe. Chingerezi sichitero. Chilichonse chimafuna liwu lakelake: they will help us. N'chifukwa chake Chingerezi chimaumirira kuti mwininkhani aoneke, ngakhale pamene palibe munthu wochita kanthu. Ife timati "kukuzizira", iwo amati it is cold. Mwana akalemba is cold wasiya mzati umodzi.

Dongosolo la mawu nalonso ndi lokhwima. Amayamba mwininkhani, kenako mneni, kenako chimene ntchito yagwerapo. The dog bit the boy ndi galu waluma mnyamata. The boy bit the dog ndi mnyamata waluma galu. Mawu ndi omwewo, malo okha ndiwo asintha.

Pali mtundu umodzi wa chiganizo umene mwininkhani wake amabisika, ndiwo chiganizo cholamula. Pa mabotolo a mankhwala pamadzaza zotere. Shake well before use, kutanthauza khutchumulani bwino musanagwiritse ntchito. Keep out of reach of children, kutanthauza sungani pamene ana sangafikepo. Mukaona chiganizo chimene si funso chikuyamba ndi mneni, dziwani kuti akulamula inuyo amene mukuwerenga.

Kapandamneni ndi nthambi

Si gulu lililonse la mawu limene lili chiganizo. In the morning ndi m'mawa. After meals ndi mukatha kudya. At the health centre ndi kuchipatala chaching'ono. M'Chingerezi chake magulu amenewa alibe mneni, ndiye timawatcha akapandamneni. Pa Chingerezi dzina lake ndi phrase.

Gulu la mawu limene lili ndi mwininkhani wake ndi mneni wake timalitcha nthambi ya chiganizo, pa Chingerezi clause. Muyeso wake ndi wosavuta: werengani aneni amene ali ndi mwininkhani. Aneni otere akakhala awiri, nthambi zilipo ziwiri. Akakhala atatu, nthambi zilipo zitatu.

The child slept after lunch. Mneni ndi mmodzi, slept, ndiye nthambi ndi imodzi. After lunch ndi kapandamneni.

The child slept after she ate lunch. Aneni ndi awiri, slept ndi ate, ndiye nthambi ndi ziwiri.

Nthambi zilipo za mitundu iwiri. Nthambi yoima payokha, pa Chingerezi main clause, imapereka ganizo lathunthu popanda kudalira inzake. Nthambi yosaima payokha, pa Chingerezi subordinate clause, ili ndi mwininkhani ndi mneni, koma siingayende yokha. Ili ngati mwana wa kumsana: miyendo ali nayo, koma kumsika sangapiteko popanda mayi ake. Munthu atakupezani pa mjigo n'kukuuzani kuti "chifukwa mvula inachedwa", kenako n'kukhala chete, mungamufunse kuti, "Ndiye zinatani?" N'chimodzimodzi because the rains came late. Pakufunika nthambi yoiberekera: We planted in January because the rains came late.

Mitundu itatu ya ziganizo

Chiganizo cha nthambi imodzi yokha, pa Chingerezi simple sentence: We sell groundnuts at Nsaru.

Chiganizo cholumikiza nthambi zoima pazokha ziwiri kapena kuposerapo, pa Chingerezi compound sentence. Alumikizi ake odziwika ndi and, but, or ndi so. And amawonjezera, but ndi koma, or ndi kapena, so ndi choncho. We sell groundnuts at Nsaru, but the price is low. Mukachotsa but, mbali iliyonse ikhoza kuima yokha.

Chiganizo chokhala ndi nthambi yoima payokha ndi ina yodalira, pa Chingerezi complex sentence: We sell groundnuts at Nsaru when the schools open. Mtundu wachitatuwu ndi umene umadzaza m'mafomu, m'malamulo ndi m'malangizo a mankhwala, ndipo ndi umene tiukhalire pansi.

Alumikizi oyenera kuwaloweza

Chichewa chimakonda kubisa mlumikizi m'kati mwa mneni. Tamvani: akabwera, atabwera, asanabwere. Timaphatikizo -ka-, -ta- ndi -sana- tikugwira ntchito yaikulu. M'Chingerezi ntchito imeneyi imagwiridwa ndi liwu lapadera loima kumayambiriro kwa nthambi: when she comes, after she came, before she comes. Mukalizindikira liwu limenelo, mwapeza pamene nthambi yodalira yayambira.

Alumikizi a nthawi. When ndi pamene kapena -ka-. Before ndi -sana-. After ndi -ta- kapena mukatha. While ndi pa nthawi imene chinthu china chikuchitika. Until ndi mpaka. Wash your hands before you feed the baby, sambani m'manja musanadyetse mwana. Take the tablets until they are finished, imwani mapiritsi mpaka athe.

Alumikizi a chifukwa. Because, ndipo nthawi zina since kapena as. She missed the meeting because her mother was ill, sanabwere ku msonkhano chifukwa mayi ake amadwala.

Mlumikizi wa cholinga. So that ndi "kuti" wonena cholinga. Cover the food so that flies do not touch it, vindikirani chakudya kuti ntchentche zisaterepo.

Alumikizi otsutsa. Although ndi though ndi ngakhale. Even if ndi ngakhale zitatero. Finish the medicine even if you feel better, malizani mankhwala ngakhale mukumva kuti mwapeza bwino.

Alumikizi a "ngati". If ndi ngati. Unless ndi "ngati" wokana. Do not use if the seal is broken, musagwiritse ntchito ngati chomatira chang'ambika.

Pa alumikizi amenewa pali misampha iwiri.

Msampha woyamba ndi wa when ndi if. Ife tikati "akabwera", sitisiyanitsa ngati tili ndi chitsimikizo kuti abwera kapena ayi. Chingerezi chimasiyanitsa. When the money comes, we shall buy cement akutanthauza kuti ndalamazo zibwera ndithu, changotsala ndi tsiku. If the money comes, we shall buy cement akutanthauza kuti mwina zibwera, mwina ayi. Gulu lanu likalandira kalata yochokera ku bungwe lothandiza, yang'anitsitsani kuti alemba liwu liti musanayambe kuitanitsa katundu pa ngongole.

Msampha wachiwiri ndi wa unless. Ambiri tinaphunzitsidwa kuti unless ndi "pokhapokha". Zimenezi zimayenda bwino pamene nthambi yaikulu ikukana: Do not stop unless the nurse tells you, musasiye pokhapokha anamwino atakuuzani. Koma pamene nthambi yaikulu ikuvomera, "pokhapokha" angakutembenuzireni nkhani. Chiganizo chija cha Lolemba mukachimasulira kuti "mubwerenso pokhapokha mwana atapeza bwino", mwamva zosiyana ndi zimene zalembedwa. Njira yosaphonya ndi iyi: paliponse pamene mwaona unless, ikanipo if, ndipo mneni wotsatira mumukanitse. Unless the child is better asanduka if the child is not better, ngati mwana sanapeze bwino. You will pay a fine unless you come early asanduka mulipira chindapusa ngati simubwera msanga.

Nthambi zoterezi, zimene zimatiuza nthawi, chifukwa, cholinga kapena zoyenera kuchitika kaye, timazitcha nthambi za muonjezi. Zingathe kukhala kumayambiriro kapena kumapeto kwa chiganizo popanda kusintha tanthauzo. Zikayamba, timaika mpatuliro: If it rains, we shall plant. Zikakhala kumapeto, kawirikawiri mpatuliro safunika: We shall plant if it rains.

Nthambi yofotokoza dzina

Nthambi ina ntchito yake ndi kutiuza kuti tikunena munthu uti kapena chinthu chiti. Imeneyi ndi nthambi ya mfotokozi. M'Chichewa imayamba ndi amene, yemwe, chimene, zomwe ndi anzawo. M'Chingerezi who ndi wa anthu, which ndi wa zinthu ndi nyama, that amagwira konsekonse, ndipo whose amanena mwini chinthu.

The woman who keeps the cash box lives at Mpingu. Mayi amene amasunga bokosi la ndalama amakhala ku Mpingu.

The seed which we bought did not germinate. Mbewu imene tinagula siinamere.

Members whose shares are complete may borrow. Mamembala amene masheya awo akwanira akhoza kukongola.

Onani kuti nthambi imeneyi imakonda kulowa pakati pa mwininkhani ndi mneni wake wamkulu. M'chiganizo choyamba mwininkhani ndi the woman, koma mneni wake wamkulu, lives, ali kutali. Phimbani ndi chala mawu akuti who keeps the cash box, ndipo mutsala ndi the woman lives at Mpingu. Kuphimba ndi chala kotereku kukuthandizani kwambiri pa ziganizo zitalizitali.

Nthambi imeneyi imachepetsanso anthu amene nkhani ikuwakhudza. Children should come for weighing akunena ana onse. Children who are under five should come for weighing akunena ana osakwana zaka 5 okha.

Nthambi yogwira ntchito ya dzina

Mtundu wachitatu wa nthambi yodalira umaima pamalo pamene pakanakhala dzina. Kawirikawiri umabwera pambuyo pa aneni monga say, know, agree, think ndi ask, ndipo umayankha funso loti "chiyani?" Alembi a magulu amaugwiritsa ntchito tsiku lililonse polemba maminitsi.

The members agreed that the meeting should start at two. Mamembala anagwirizana kuti msonkhano uziyamba 2 koloko.

The nurse asked where the child was born. Anamwino anafunsa kumene mwana anabadwira.

Samalani ndi liwu lathu loti "kuti", chifukwa limagwira ntchito ziwiri. M'chiganizo choti "ananena kuti abwera", Chingerezi chake ndi that. M'chiganizo choti "ndaphika msanga kuti ana adye", Chingerezi chake ndi so that. Dzifunseni: kodi "kuti" ameneyu akunena zimene munthu wayankhula kapena kuganiza, kapena akunena cholinga?

Zolakwa zochokera ku Chichewa

Zolakwa zambiri za ana athu sizibwera chifukwa cha umbuli. Mwana amaganiza bwinobwino m'Chichewa, kenako n'kusamutsa kamangidwe ka Chichewa kupita m'Chingerezi. Nazi zisanu zimene mungazipeze m'kope lero lomwe.

1. Kubwereza mwininkhani. Ife timati "mayi anga akudwala", ndipo a- wa mu "akudwala" akuloza mayiwo. Mwana amamumasuliranso a- ameneyu n'kulemba my mother she is sick. Cholondola ndi my mother is sick.

2. Kubwereza munthu m'nthambi ya mfotokozi. Ife timati "mayi amene ndinawaona", ndipo -wa- akuloza mayiwo kachiwiri. Mwana amalemba the woman that I saw her. Cholondola ndi the woman that I saw.

3. Although ndi but pamodzi. M'Chichewa "ngakhale anadwala, koma anabwera" zimamveka bwino. M'Chingerezi musankhepo mmodzi: although she was ill, she came, kapena she was ill, but she came.

4. Kusiya nthambi yodalira payokha. Mwana amalemba: I was late. Because the river was full. Mpumiro wapakatiyo wasiya mwana wa kumsana pa msewu. Cholondola ndi I was late because the river was full.

5. Kuika will pambuyo pa when kapena if. Ngakhale nkhani ili ya m'tsogolo, nthambi yodalira imatenga mneni wa nthawi ya tsopano. When the rains will come ndi cholakwika. Cholondola ndi when the rains come, we shall plant.

Mwana akalakwitsa chotere musamukalipire. Muuzeni kuti m'Chichewa wakhoza, koma Chingerezi chimamanga mwa njira ina, ndipo muonetseni pamene pasiyana.

Kuphwanya chiganizo chachitali

Tsopano tiyese zonsezi pa chiganizo chonga zimene zimapezeka m'malamulo a magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, monga banki m'khonde:

Any member who fails to repay the loan before the date which the committee has set shall lose her shares unless she informs the chairperson in writing.

Chili ndi mawu 27, koma musachite nacho mantha. Tsatirani masitepe anayi.

Choyamba, dulani mzere kunsi kwa aneni amene ali ndi mwininkhani: fails, has set, shall lose, informs. Alipo anayi, ndiye nthambi zilipo zinayi.

Chachiwiri, zungulizani timawu toyambitsa nthambi zodalira: who, which, unless. Before ali pompo, koma pano akutsatiridwa ndi dzina loti the date, ndiye sakuyambitsa nthambi.

Chachitatu, phimbani nthambi zodalira zonse, muone chotsala. Any member shall lose her shares. Limeneli ndiye thunthu la nkhani: membala adzaluza masheya ake.

Chachinayi, bwezeretsani nthambi imodziimodzi, iliyonse ndi funso lake. Membala uti? Amene walephera kubweza ngongole tsiku lisanafike. Tsiku liti? Limene komiti yaika. Kodi pali pothawira? Unless ndi "ngati" wokana: adzaluza masheya ngati sadziwitsa wapampando polemba kalata.

Ndiye chiganizo chonse chikuti membala amene walephera kubweza ngongole pofika tsiku limene komiti yaika adzaluza masheya ake ngati sanalembere wapampando kalata yomudziwitsa. Mayi amene wamva thunthu lokha angogwa mphwayi n'kutaya masheya ake. Amene wamva nthambi yomalizayo atenga pepala n'kulemba kalata, ndipo ndalama zake zipulumuka. M'mapangano a ndalama, mawu okutetezani kapena okumangani amakonda kukhala m'nthambi zodalira, makamaka zoyamba ndi if, unless, until ndi provided that, amene tanthauzo lake ndi "malinga ngati". Musasayine musanazimvetse.

Polemba zanu

Powerenga timaphwanya ziganizo za ena, koma polemba timamanga zathu. Langizo ndi lakuti chiganizo chimodzi chisapitirire nthambi ziwiri kapena zitatu. Chingerezi chabwino si cha ziganizo zitalizitali ayi, koma chimene wowerenga amva kamodzi n'kudziwa chochita. Tinene kuti gulu lanu likupempha mjigo, ndipo komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, yakuuzani kuti mulembe kalata ya Chingerezi yoti ipite ku ADC ndi ku bungwe lothandiza. Mtima wa kalatayo ungakhale wotere:

We are asking for a borehole because our village has no safe water. The well which we use dries up in October. When it dries up, women walk to the river before the sun rises. If you help us, we shall provide sand and bricks.

Muli ziganizo zinayi zokha. Choyamba chikunena pempho ndi chifukwa chake. Chachiwiri chikufotokoza chitsime. Chachitatu chikunena zimene zimachitika chitsime chikauma. Chachinayi chikunena mbali imene mudzi udzachite. Mawu onse ndi a ku pulayimale, koma nthambi zaikidwa m'malo mwake ndipo wowerenga sasochera.

Ntchito yochitira pagulu

Gawo A. M'chiganizo chilichonse pezani nthambi yoima payokha ndi yosaima payokha, kenako mumasulire m'Chichewa.

1. Boil the water before you drink it.
2. If the baby refuses to breastfeed, go to the hospital immediately.
3. The maize that we stored is still good.
4. You will not receive seed unless your name is on the list.

Gawo B. Konzani zolakwika.

5. My daughter she passed the examination.
6. Although the road is bad, but the ambulance came.
7. When the visitors will arrive, we shall sing.

Mayankho

1. Yoima payokha ndi boil the water, yodalira ndi before you drink it. Wiritsani madzi musanamwe.
2. Yoima payokha ndi go to the hospital immediately, yodalira ndi if the baby refuses to breastfeed. Ngati mwana akukana kuyamwa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.
3. Yoima payokha ndi the maize is still good, yodalira ndi that we stored. Chimanga chimene tinasunga chikadali bwino.
4. Yoima payokha ndi you will not receive seed, yodalira ndi unless your name is on the list. Simulandira mbewu ngati dzina lanu mulibe m'kaundula.
5. My daughter passed the examination.
6. Although the road is bad, the ambulance came.
7. When the visitors arrive, we shall sing.

Chenjezo ndi ntchito ya kunyumba

Phunziro limodzi silingakupangitseni kumva zonse zolembedwa pa mankhwala. Mayina a matenda ndi milingo ya mankhwala ndi nkhani ina, ndipo pamenepo sitiyerekeza. Kaya muli ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula, ku Nambuma kapena pa chipatala china chilichonse, funsani adokotala, anamwino kapena alangizi a zaumoyo kuti akufotokozereni m'Chichewa musanachoke pa windo. Kufunsa si manyazi. Chimene mwapindula lero n'chakuti mukaona if kapena unless pa kapepala, mudziwa kuloza ndi chala n'kunena kuti, "Apa ndiye mundifotokozere bwino."

Pa msonkhano wanu wotsatira, mayi aliyense abwere ndi chinthu chimodzi cholembedwa m'Chingerezi: botolo lopanda kanthu, paketi ya mbewu, kalata ya ku sukulu kapena fomu. Khalani awiriawiri, amene anapita patali ndi sukulu akhale ndi amene analekeza msanga. Sankhani chiganizo chimodzi, pezani aneni, zungulizani alumikizi, phimbani nthambi zodalira, ndipo munene thunthu lake m'Chichewa. Madzulo ake itanani mwana wanu wa sitandade 7 kapena 8, mutsegule naye kope la Chingerezi, ndipo mufufuze limodzi zolakwa zisanu zija.